Kodi kuposita malo ophera nsomba kukuthetsa nsomba mu Shire?

Pali kamalo kena kake mu Shire, kumunsi kwa buliji ya Bakili Muluzi ku Mangochi ukamalowera cha ku nyanja ya Malombe, komwe malume anga akhala akuponyako mbedza ine ndisanabadwe. Madzi pamenepo amakhota nkupanga kadziwe, mabango mbali iyi, udzu wa m'madzi mbali inayo, ndipo pamtunda pali mgwalangwa wopindika womwe munthu wa kuno akangouona amadziwa pomwe ali. Tsiku lina m'mamawa tinapha milamba inayi ikuluikulu ndi makumba odzadza kabeseni, ine chimwemwe chosasimbika, ndinatulutsa foni nkujambula, nkuika pa sitetasi ya WhatsApp komanso pa Facebook. Dzina la malo sindinalembe ayi, ndinangoti lero Shire watikonda. Koma mgwalangwa uja unali kumbuyo kwanga pachithunzipo, poyerayera.

Sabata isanathe anthu anabwera usiku ndi khoka losokerera neti ya udzudzu pakati. Anakoka kawiri kapena katatu, ndipo titapitako tinapeza udzu uja wazulidwa waunjikana pamtunda, madzi ali bii matope, tiana ta nsomba tosakwana chala tili mbwee pamchenga, tomwe anaona kuti sitingagulike. Ndinamva pambuyo pake kuti chithunzi changa chinajambulidwa sikirinishoti nkukafika mu gulupu ina ya anthu ogula nsomba. Malume sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, pamalo pano ndakhala ndikudyapo zaka zonsezi chifukwa sindimauza munthu. Iwe wauza dziko lonse tsiku limodzi." Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero, nde ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi kwambiri, kufunsa asodzi, kuwerenga, kutsutsana ndi anzanga, kuti kodi zoona foni ingathetse nsomba mumtsinje kapena tikungoinamizira.

Tikakhala pa gulu anthu amagawikana pawiri. Ena amati aaa zabodza izo, nsomba zinayamba kutha kalekale foni kulibe, ndipo amene amapha ndi makoka sadikira Facebook kuti awauze komwe kuli nsomba. Ena amati ayi, masiku ano ukangoposita basi malowo atha. Ine ndimaona kuti onse ali ndi mbali yoona, koma kuti timvetse tiyenera kuyamba tasiyanitsa mtsinje ndi nyanja, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amasokoneza.

Panyanja ya Malawi ukanena kuti usipa wagwa cha ku Msaka kapena ku Makanjira, wanena malo aakulu zedi, ndipo usipawo suli pamodzimodzi, lero uli apa mawa mwera wautengera kwina. Komanso usipa ndi kansomba kosachedwa kukula, moyo wake ndi wa chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, umaswana mwachangu. Mtsinje si choncho. Shire wa kumtunda uyu, kuchokera pomwe akutuluka m'nyanja kukafika ku Malombe, sakwana ndi makilomita 20 omwe, ndipo malo ambiri munthu uli tsidya lino umatha kukuwa wa tsidya linalo nkumva. Nsomba iliyonse yoyenda pakati pa nyanja ziwirizi ilibe njira ina, iyenera kudutsa mumpita umenewu basi. Ndipo mumtsinje malo abwino ndi owerengeka, kadziwe apa, pamathiriro a kamtsinje apo, pansi pa mtengo wogwera m'madzi uko. Nsomba sizimwazikana paliponse, zimaunjikana m'malo omwewo chaka ndi chaka chifukwa ndi momwe muli chakudya, mthunzi ndi pobisala. Nde ukaulula malo amumtsinje sikuti wanena dera, wapereka khomo lenileni la nyumba ya nsomba, ndipo nyumbayo singasamuke.

Chachiwiri ndi nthawi. Asodzi kuuzana komwe kuli nsomba sizachilendo, zinalipo kuyambira makolo. Anthu ankasamuka madoko, wa ku Nkhata Bay kubwera kudzakhala ku Mangochi atamva kuti kuno kukufa nsomba, alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti a usodzi aja, nkumauzana pomwa tiyi kapena pokonza ukonde. Koma nkhani inkayenda ndi miyendo, ndi bwato, ndi basi. Pofika kwa munthu wachikhumi papita masabata, mwina nsombazo zaswana kale zabalalika. Komanso inkayenda pakati pa anthu odziwana, woti akakuuza malo amakuuzanso mwambo wake, kuti pamenepo miyezi yakutiyakuti sitipitapo, pamenepo pali ng'ona yaikulu, pamenepo mfumu inaletsa khoka. Kuchedwa kumeneko ndi kudziwana kumeneko kunali ngati mpanda wosaoneka woteteza nsomba, ngakhale palibe amene anaulemba m'buku. Foni yagwetsa mpanda umenewu. Chithunzi choposita 6 koloko m'mawa chimakhala chaonedwa ku Lilongwe, ku Limbe ndi ku Joni nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo chimafika chokha chopanda mwambo uja, chimangonena kuti apa pali nsomba, bwerani.

Tsono kuopsa kwenikweni kuli pa nyengo yoswana, ndipo apa ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa achinyamata ambiri amene timaposita sitidziwa mmene nsomba zathuzi zimaberekera. Titenge chambo. Yamphongo imakumba chisa pamchenga pansi pamadzi, chozungulira ngati beseni lalikulu, nkumachilondera kudikira yaikazi. Zisazi sizikhala patalipatali, zimakhala zambiri malo amodzi ngati mudzi. Yaikazi ikaikira mazira imawatola nkuwasunga mkamwa, ndipo imakhala nawo masabata angapo osadya bwinobwino mpaka ana ataswa, kenako imapita nawo kumadzi osaya komwe kuli udzu ndi mabango kukawalera. Mazira ake si ochuluka ngati a mlamba, ndi mahandiredi chabe, ndipo chambo chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chifike poswana. Ndiye taganizani, munthu wapeza malo pomwe zambo zazikazi zasonkhana ndi ana mkamwa, wapha zingapo, waposita vidiyo akuonetsa mmene zanenepera ndi pomwe waima. Amene abwere mawa lake ndi khoka sakupha nsomba za lero zokha, akupha ndi za zaka zitatu zikubwerazo, ndipo khoka likamakokedwa pansi limafafaniza zisa ndi kuzula udzu womwe kasawala, tiana ta chambo tija, amabisalamo. Aliyense amene anatsegulapo pakamwa pa chambo chophedwa mu Novembala nkuona timazira tachikasu tikukhuthuka akudziwa chomwe ndikunena.

Nsomba zokwera mitsinje nazo ndiye zili pamavuto oposa. Mpasa imachoka m'nyanja nkukwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana pa timiyala m'madzi oyera, sanjika chimodzimodzi. Ntchila imadikira madzi a mvula kuti ikwere. Nthawi imeneyo nsomba zomwe chaka chonse zinali zomwazikana m'nyanja yonse zimadzapanikizana pamathiriro a mtsinje umodzi, moti anthu ochepa okhala ndi matchera kapena mpanda wa miono akhoza kutseka njira yonse. Ntchila m'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zophedwa kwambiri m'nyanja yathuyi, akuluakulu amaisimba, koma lero ana ambiri a ku Mangochi sanaionepo ndi maso. Inatha popanda intaneti, zoona, koma inatha chifukwa anthu ankadziwa malo ndi nthawi yomwe imadutsa nkumaidikirira pomwepo. Chomwe positi imachita ndi kutenga chidziwitso chomwecho, malo ndi tsiku, nkuchipereka kwa anthu ochuluka kwambiri pa kamphindi. Munthu akalemba kuti mpasa zayamba kukwera, lero pamalo akuti, ameneyo waimba belu.

Pali chinthu china chobisika chomwe chinanditsegula maso nditachimvetsa. Ife timayeza kuchuluka kwa nsomba poona zomwe zikubwera padoko. Mabwato akabwera odzadza timati nsomba zilipo. Koma ngati asodzi onse akuuzana pa foni pomwe pali gulu la nsomba, onse nkuthamangira pomwepo, mabwato azibwerabe odzadza ngakhale nsomba m'madzimo zikuchepa, chifukwa nsomba zikachepa sizimwazikana, zotsalazo zimaunjikanabe pamalo abwino aja. Nde padoko zimaoneka ngati zonse zili bwino, mitengo ili bwino, zithunzi pa Facebook zili bwino, mpaka tsiku lomwe gulu lomaliza laphedwa, kenako zii. Anthu nkumadabwa kuti zatha bwanji mwadzidzidzi, chonsecho zinkatha pang'onopang'ono ife osaona. Izi zinachitikapo ku Canada ndi nsomba yotchedwa cod kufupi ndi Newfoundland. Masitima akuluakulu okhala ndi makina oonera nsomba pansi pamadzi ankapezabe magulu otsala nkumapha zambiri, mpaka mu 1992 boma linatseka usodzi wonsewo, anthu masauzande ambiri ntchito nkuwathera, ndipo panapita zaka zambirimbiri nsombayo osabwerera mwakale. Kumeneko chinali chipangizo cha m'sitima, kuno ndi gulupu ya WhatsApp, koma ntchito yake ndi imodzi, kupangitsa kuti nsomba yomaliza isasowe.

Komabe ndinganame nditati foni ndiye gwero la mavuto a nsomba kuno. Tayang'anani Malombe. Nyanja yosaya, yachonde, yomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inkatulutsa chambo matani masauzande angapo pachaka, ndipo pofika m'ma 1990 chambo chinali chitagweratu, anthu nkutembenukira ku kambuzi. Nthawi imeneyo ngakhale foni ya m'manja kunalibe. Chinathetsa chambo ku Malombe ndi kuchuluka kwa zida, makoka a maso ang'onoang'ono, makoka a nkacha okokolola pansi, kupha kasawala, ndi kutha kwa udzu wa m'madzi. Nchifukwa chake mu 1993 boma linayambitsa ku Malombe ndi Shire wa kumtunda ndondomeko yoti asodzi eni ake azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndi pomwe anayambira makomiti a m'madoko aja timangoti ma BVC, kenako mu 1997 kunabwera lamulo la zausodzi lomwe linawapatsa mphamvu. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Onjezerani matope ochokera m'mapiri omwe tadula mitengo, kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, kutchetcha mabango pomanga malo ogona alendo, neti za udzudzu zomwe zinabwera kudzatiteteza ku malungo koma zikuthera m'madzi, katupe m'timitsinje. Zonsezi zinalipo kale. Positi ikufika pa nsomba zomwe zafooka kale, ndiye ili ngati mphepo pa moto wa tchire, siinayatse ndi iyo koma ikuuthamangitsa.

Kunja nakonso nkhaniyi amakangana nayo. Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu ambiri owedza ndi mbedza pongosangalala, ndipo kuli mapulogalamu a pa foni ngati Fishbrain momwe munthu amaika chithunzi cha nsomba ndi malo omwe waiphera. Kumeneko owedza akale amadandaula kuti kamtsinje komwe kanali ka anthu atatu kakangotchuka pa Instagram kapena YouTube, sabata yotsatira magalimoto ali ndandanda, njira zapondedwa, zinyalala paliponse, nsomba zachenjera sizikudyanso nyambo. Koma tisatengere zawozo kuno osaganiza. Ambiri mwa iwo akagwira nsomba amaibwezera m'madzi, ngakhale kuti zina zimafabe ndi mabala, ali ndi laisensi, ali ndi malire a nsomba zomwe munthu angatenge patsiku, ndipo oyang'anira amayendera. Amene akubwera ataona positi ndi munthu wa ndodo imodzi. Kuno amene abwere ataona positi yako akhoza kukhala ndi khoka lotalika kuchokera tsidya lino kukafika tsidya linalo, ndipo palibe nsomba yobwezedwa m'madzi, ngakhale kakang'ono bwanji kali ndi wogula. Ndiye ngati iwo akudandaula, ife tili ndi chifukwa chachikulu chodandaulira.

Funso lomwe anzanga amandifunsa nlakuti, kodi asodzi enieni ali pa Facebook? Mlovi amene wagona panyanja usiku wonse ali ndi ndalama ya bandulo? Ambiri ayi, ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo nkhani zawo zimayenda poimbirana. Koma amene ali pa intaneti ndi omwe ali ndi mphamvu yosuntha zinthu, eni zida amene amakhala pa boma kapena m'tauni nkumangotuma alovi, ndi amalonda amene ali ndi makulaboksi ndi ayisi, okhala ndi makasitomala ku Blantyre ndi ku Lilongwe ofuna chambo cha fuleshi. Wamalonda akaona chithunzi amaimbira mwini khoka, mwini khoka amaimbira anyamata ake, ndalama ya mafuta yatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, pofika madzulo boti lanyamuka. Zomwe zinachitika pa kadziwe ka malume zinayenda njira imeneyi. Nde positi siifunika kuonedwa ndi msodzi, ingoonedwa ndi munthu mmodzi wa ndalama basi. Ndipo pali mbali ina, kuti zithunzi za chambo chowotcha pa mbale nthawi yomwe nyanja ndi yotseka zimauza ogula kuti chikupezeka, oda nkumabwera, ndipo oda ikabwera wina apita kukachisaka olo kuli koletsedwa.

Ambiri amaganiza kuti ngati sanalembe dzina la malo ndiye kuti abisa. Ine ndi mboni kuti sizoona. Phiri la kumbuyo, nsanamira za buliji, mzikiti, mlambe, denga la loji, zonsezi munthu wa kuno amaziwerenga ngati chikwangwani. Vidiyo ya TikTok ndiye imaulula zambiri chifukwa kamera imazungulira. Komanso foni yokhala ndi GPS yoyatsa imatha kusunga malo enieni mkati mwa chithunzicho. Ukatumiza mwachizolowezi pa WhatsApp kapena Facebook zimenezo zimachotsedwa kwa olandira, koma ukatumiza ngati dokyumenti kuti chisatsike kwalite, zimapita nazo zonse. Nanga ija timatumizirana pini ya lokeshoni kuti mnzathu atipeze, iyo ndiye ikangofowadidwa kamodzi simungaibwezenso. Madzi akatayika saoleka, ukhoza kudilita positi koma sikirinishoti ili kale m'mafoni a anthu osawadziwa.

Tsono pali mtsutso wina womwe sindiupeputsa ngakhale pang'ono. Mnyamata wina pa M'baluku anandifunsa kuti, achimwene, mtsinjewu ndi wa malume anu? Iwo adyapo zaka makumi angapo, ife ntchito kulibe, sukulu tinamaliza, nde mukufuna tisadziwe pomwe pali nsomba kuti azidya okha? Ndinasowa choyankha mwachangu chifukwa akunena zoona, Shire si wa munthu. Chinsinsi chimakomera amene anabadwira m'banja la asodzi, ndipo wobwera kumene amatsala panja. Komanso chinsinsi si njira yodalirika yosamalira nsomba, chimagwira ntchito mpaka tsiku lomwe wina walankhula, ndipo masiku ano wina adzalankhula ndithu. Dziko silingasamale chuma chake podalira kuti anthu atseka pakamwa. Chomwe ndinamuyankha pambuyo pake nchakuti kusiyana kuli pa zomwe zimatsala. Malume ndi mbedza zawo ankatenga nsomba za ndiwo ndi zogulitsa pang'ono, mawa nkupezanso zina, zaka ndi zaka. Khoka lija linatenga zonse usiku umodzi, ndipo pano palibe akudyapo, malume ayi, mnyamatayo ayi, ngakhale eni khoka aja. Ndikanamutenga iyeyo nkupita naye pamalopo ndi mbedza yake, palibe chikanaonongeka. Kuuza munthu ndi kuuza gulu la anthu osawadziwa ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndipo chomwe chimanditsimikizira kuti vuto si kudziwika kwa malo pakokha ndi chilumba cha Mbenji ku Salima. Palibe msodzi m'Malawi muno amene sadziwa kuti ku Mbenji kuli utaka, zimalengezedwa ndi pa wailesi pomwe, tsiku lotsegulira kumakhala mwambo anthu nkusonkhana. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko, a Makanjira a ku Salima, amatseka chilumbacho nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, aliyense amachokako, zida zoononga ndi zoletsedwa, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Malo odziwika ndi dziko lonse koma nsomba zikupezekabe. Ku Cape Maclear nakonso aliyense amadziwa pomwe pali mbuna, alendo amajambula tsiku ndi tsiku nkuposita, koma madzi a m'mphepete mwa paki ndi otetezedwa. Nde pomwe pali lamulo logwira ntchito ndi anthu olilondera, positi ilibe mano. Pomwe palibe woyang'anira, ngati timadziwe tambiri ta mu Shire ndi timitsinje tothira m'nyanja, positi imaluma, chifukwa chinsinsi chinali chitetezo chokhacho chomwe malowo anali nacho.

Malamulo kuno alipo. Makoka pa nyanja ya Malawi amaletsedwa kwa nyengo yoikika kuyambira 1 Novembala kuti chambo chiswane, Malombe ndi Shire nazonso zili ndi nyengo yake yotseka, chambo chosakwana masentimita 15 nchosaloledwa kupha, neti ya udzudzu ndi yoletsedwa, ndipo madoko ena anapatula malo oswanirana nsomba momwe amaikamo nthambi za mitengo kuti khoka lisadutse. Koma mtsinje ndi wautali usiku, a komiti ya padoko ndi anthu ongodzipereka, ena alibe ndi boti lomwe, ndipo amene akuphwanya lamulo nthawi zambiri ndi mwana wa mlongo wawo kapena munthu amene amawakongoza ndalama. Apa ndi pomwe ndimaona kuti foni yomweyi ikanatithandiza tikanaigwiritsa bwino. Chithunzi cha khoka la neti ya udzudzu likukokedwa mu Novembala chikapita kwa a BVC, kwa amfumu ndi kwa alangizi a zausodzi, chimenecho ndi umboni. Kuchenjezana za mwera kwapulumutsa miyoyo. Kudziwa mtengo wa ku Limbe usanagulitse padoko kumathandiza mayi wa thandala kuti asaberedwe. Kuuzana kuti pamalo akuti mvuu yalusa kapena ng'ona yagwira munthu, zimenezo positani msanga ndithu. Ngakhale ofufuza za nsomba zithunzi za anthu wamba zikhoza kuwathandiza kudziwa kuti ntchila yaonekanso kwinakwake, bola chithunzicho chipite kwa iwo osati pa gulupu ya anthu 500.

Ine pano ndimapositabe nsomba, sindinasiye, chifukwa ndimanyadira kwathu ndipo ndimafuna anzanga a m'tauni aziona kuti Shire akadali ndi moyo. Koma ndimajambulira kunyumba, nsomba ili m'beseni pakhonde, kumbuyo kuli khoma. Ndimadikira papite masiku. Munthu akafunsa mu komenti kuti mwapha kuti, ndimangoti ku Mangochi, ndipo akalimbikira ku inibokosi ndimamufunsa kuti amapha ndi chiyani. Miyezi yoswana sindiposita chilichonse chokhudza malo, ngakhale nditaona zisa za chambo zili ndandanda m'madzi oyera, zomwe ndi zokongola kwambiri moti dzanja limayabwa kufuna kujambula. Ndipo ma adimini a magulupu a zausodzi ndimawapempha chinthu chimodzi, kuti pini ya lokeshoni ndi zithunzi za kasawala kapena chambo cha mazira mkamwa azichotsa, chifukwa gulupu imatengera zomwe adimini walekerera.

Kadziwe kaja tinapitakonso ndi malume patatha chaka ndi miyezi, madzi atakwera kwambiri mu 2024 muja nyanja inasefukira mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete. Udzu unali utayambanso kumera cha m'mbali, ndipo tinaona timagulu ta tiana ta makumba tikuthawira m'mabango bwato likamayandikira. Tinakhala kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kutentha, tinapha mlamba umodzi wapakatikati ndi makumba atatu. Malume anakatenga nthambi za mtengo wa minga nkuzimiza pakhomo pa kadziweko atazimangirira miyala, akuti khoka likadzabweranso lidzakodwe. Kenako anakauza amfumu ndi a komiti kuti malowo awalembe pa malo osakokapo khoka, zomwe zaka zonsezi sankafuna kuchita poopa kuti adziwika. Pobwerera ndinawafunsa ngati milamba ikuluikulu ija idzabwerere, iwo anangopalasa kangapo osayankha, kenako anati tidzaone mvula ikagwa kawiri.